Mabaiti Anayi

Mai Nachuma anabwera ndi kakhadi ka m'foni
atakamanga pamfundo ya mpango ngati chenji cha kombi.
Achokera ku Mufakose. Akuti muli mawu a malemu amuna awo
koma foni ikukana, ikuti fayilo ndi yowonongeka.
Anyamata atatu a ku Gulf anayesa, onse anapukusa mutu.

Ine katebulo kanga kali pansi pa masitepe
mumsewu wa Chinhoyi,
pomwe oitanira amakuwa Kuwadzana mpaka mawu kusasa.
Magetsi anathima m'mawa. Batire yatsala theka.

Fayilo ndinaitsegula osagogoda,
ndinalowera kuseri, komwe kulibe chithunzi kapena batani,
manambala okhaokha awiriawiri
atandandalika ngati nyumba za kukomboni.
52 49 46 46, khomo lili bwinobwino.
Ndinayenda nyumba ndi nyumba, chala pagalasi,
mpaka ndinafika pa makumi anayi.
Pamenepo fayilo imayenera kunena kutalika kwake.

00 00 00 00.

Foni inazima isanatseke buku.
Bamboyo anayankhula ndithu, mawu ali mbwee m'munsimu,
koma kalaliki wa pakhomo analemba kuti mulibe munthu,
ndipo makina sakayikira kalaliki.

Ndinalemba kapulogalamu ka mizere khumi ndi isanu.
Tsegula kuti uwerenge ndi kulemba, usamasulire kanthu.
Lumpha mpaka kumapeto, funsa pomwe waima.
Chotsapo mutu.
Zatsala zikwi mazana atatu ndi zinayi.
Bwerera. Lemba.

Ndinalakwitsa, ndisaname.
Ndinatsogoza chachikulu monga tinaphunzirira kusukulu,
monga pamaliro amayamba ndi akuluakulu,
makina n'kuyesa kuti bamboyo anayankhula tsiku ndi theka osapuma.
Mai Nachuma anaseka koyamba:
ameneyo? Ngakhale moni ankachita kumukoka pakamwa.

Muno chaching'ono ndicho chimalowa poyamba.
80 A3 04 00.
Ndinasunga, manja ali thukuta,
batire itafiira kale pakona.

Ndinawapatsa zomvera m'khutu za waya wothyoka mbali imodzi,
khutu linalo ndinatenga ine osapempha.
Kunayamba phokoso la mphepo, tambala wa aneba,
kenako chifuwa, kenako munthu:

Kodi chayamba kujambula?
Iwe Lekeleni, ndidine pati apa?
Chabwino. Uwauze amako kuti kiyi wa njinga
ali m'thumba la jekete ya buluu, asavutike.
Nanga chikuthwanimiranji chofiirachi

Basi. Masekondi khumi ndi asanu ndi anayi.

Mayiwo sanalire.
Anati kiyiyo anamufuna miyezi isanu, mpaka anadula loko,
jeketeyo anapatsa mlamu wawo wa ku Epworth.
Anati ndiwaikirenso. Ndinaika.
Kachitatu laputopu inazima pakati pa chifuwa chija.

Anandipatsa madola awiri opindapinda, ofewa ngati nsalu,
anamanganso kakhadi pamfundo n'kukakwera kombi.

Madzulo ndikutseka chitseko chachitsulo
ndinakumbuka bambo anga, amene sanajambulidwepo,
Chichewa chawo chosakaniza ndi Chishona,
momwe ankatchulira dzina langa akatopa.
Zilimo m'mutumu, ndikudziwa kuti zilimo.
Sindinapezebe pa makumi anayi pake.