Amene

Tinkakhala kutsogolo, pa mkeka wodyeka m'mbali,
m'katchalitchi ka njerwa zosawotcha kuseri kwa Chamama.
Buku la nyimbo linali limodzi mudzi wonse,
nalonso m'manja mwa a Fulaye, mkulu wa mpingo.
Ife tinkangotola mawu akagwa pa milomo ya akulu
monga masuku,
akupsa ndi a mphutsi omwe,
onse m'kamwa.

Disembala akafika, fodya ali m'mawondo,
ankaimba za anzeru a kum'mawa.
Ine ndinkamva anzeru a kumowa,
ndipo ndinkawadziwa onse atatu:
a Sitolo, a Jelemani ndi malume Binisoni,
amene ankabwera usiku akuloza nyenyezi ndi chala,
akutsutsana za njira ya kwawo.
Chondidabwitsa chinali golide yekhayo.
Anamupeza kuti,
anthu a ngongole kwa a Nachisale onsewo?

Mwanayo akuti anamugoneka modyera ng'ombe.
Ndinachita naye nsanje.
Ife ng'ombe tinkaidya kamodzi pachaka, fodya akagulidwa,
iye kungobadwa, ali kale pafupi ndi chiwaya,
mafuta akuthetheka, mchere ndi tsabola pambali.

Abusa nawo akuti anali kutchire usiku.
Ndinayang'ana abusa athu,
kolala yoyera, nsapato zopanda fumbi,
n'kunong'oneza Malita: amakatani kutchireko?
Ananditsina pantchafu.
Chizindikiro chinakhala mpaka chaka chatsopano.

Pa Pasaka ndinkalirira gologolo
amene ankamutchula paphiri paja,
osadziwa chimene analakwa.

Koma Lamulungu la kanjedza sindinkakayika konse.
Amayi a mvano akakweza mawu,
Ho, msana! Ho, msana!
ndinkayang'ana amayi anga, a Nangondo,
amene ankawerama kuyambira pa nazale,
ndowa ziwiri kuchokera kudambo,
kupalira, kubandira, kuthyola,
kusoka masamba m'chigafa mpaka nyali kutha mafuta.
Ndinkati Mulungu ndi wachifundo ndithu,
wapatula tsiku limodzi
loti akazi adandaule mokweza, atavala zoyera,
amuna akuwomba m'manja.

Ndipo nyimbo ikatha, mpingo wonse unkakoka mpweya
n'kunena pamodzi: Ameneee...
Basi, n'kukhala pansi.
Amene chiyani? Amene ndani?
Ndinkatsala chiimire ndekha, kudikira atsirize,
mpaka Malita atandikoka kabudula.

Sitandade folo inandilanda zonsezi.
A Kamtedza anatsegula buku, choko kukhutu,
mawu anaima mowongoka ngati ana pa mzere wa m'mawa.
Anzeru analeka mowa.
Gologolo anatsika paphiri, pakatsala chigaza.
Abusa anapatsidwa nkhosa ndi chibonga.
Ndinaseka nawo anzanga,
koma pobwerera kunyumba ndinali wopepuka
ngati munthu amene wabedwa pamsika.

Chaka chatha tinawatenga amayi kuchipatala cha ku boma
pa kagalimoto konyamula mabelo.
Powasambitsa, akazi anati msana unavuta kuwongoka.
Zaka makumi asanu za fodya wa eni
sizichoka ndi madzi ofunda.

Kumanda, pansi pa mitengo ya msuku,
Malita anayambitsa nyimbo, tsitsi lake la imvi tsopano.
Buku linali m'manja mwanga,
zilembo zonse ndimazidziwa,
Chihebri chake anandimasulira kalekale.
Komabe litafika liwu lija
khutu la mwana wa pa mkeka linadzuka,
ndipo ndinaimba momwe ndinkamvera,
mokweza, a mvano akundicheukira.

Abusa anatseka buku lawo.
Khamu linakoka mpweya: Ameneee...
Makasu anayamba kugwetsa dothi.
Anthu anatsika kukasamba m'manja.

Ine ndinatsala chiimire,
amene anatisenza, amene anawerama, amene...
Malita anadza nandigwira malaya kumbuyo.
Ulendo uno sanakoke.