Nguli za ku Moirans

Nditasiya ntchito yogawa makalata
manja anga anasowa chogwira.
Kuno ku Moirans chipale chikatseka misewu
mdima umagwa anthu asanaweruke,
ndipo munthu ukhoza kukalamba m'sabata imodzi.

M'kabuku ka malonda munali makina ozunguza mtengo pousema,
obiriwira, olemera ngati ng'ombe,
mtengo wake penshoni ya miyezi isanu.
Ndinapinda tsambalo mpaka linang'ambika.

Firmin, amene anasema zidole zaka makumi anayi
n'kusiya chala chimodzi ku fakitale,
anaseka mpaka kutsokomola.
"Sunabunthitsepo ndi chisemero chimodzi chomwe.
Ng'ombe ya chiyani? Yamba ndi kambuzi."

Kambuziko ndinakapeza m'galaji ya mayi Vuillermoz,
katafunda bulangete la malemu amuna awo.
Lamba wong'aluka, dzimbiri pa njanji,
kamota kolira ngati njuchi m'botolo.
Mayuro zana ndi makumi awiri.
Anaikapo magalasi oteteza maso ngati basera,
nati, "Iye sankawavala."

Chaka choyamba ndinasema nkhuni.
Ine ndinkati miyendo ya mpando, chitofu chinkati zikomo.
Chisemero chikakodwa, phaa!
mtima kukhosi, chipika kudenga.
Ndinaphunzira kunola ndisanadziwe kudula,
kuima pambali poyatsa,
kumva ndi khutu pamene mtengo ukukana.

Kenako nguli.
Yoyamba inadzandira ngati chidakwa.
Ya makumi atatu ndi chisanu ndi chiwiri
inaima pa tebulo n'kugona chiimirire, duu,
supu n'kupserera ine ndikuyang'ana.

Chaka chachinayi mphepo inagwetsa mtengo wa maapulo
umene Solange anabzala tisanakhale ndi ana.
Ndinafuna mbale imodzi, yaikulu, ya m'thunthu lake.
Nditamanga chipikacho n'kuyatsa
kambuzi kanayamba kuvina, kusendera kukhomo,
benchi ndi mabotolo a misomali pambuyo pake.
Ndinazimitsa. Ndinakagwira pamsana, potentha.
Sikanalakwe kanthu.
Kanangofika pamene mphamvu zake zathera.

Ng'ombe inabwera pa lole mu Epulo:
amuna anayi, matabwa otsetserekera, matukwano a Firmin.
Siinjenjemera ayi.
Ukayatsa imapuma ngati munthu ali m'tulo.
Koma tsiku lomwelo chisemero chinakodwa, phaa,
pomwe chimakodwa nthawi zonse,
poti chigongono n'chomwe chija,
chimenecho m'kabuku munalibe.

Mbale inatha mu Juni.
Ili ndi mng'alu kumlomo, sindinaumate.
Ndimaikamo makiyi ndi mankhwala a m'mawa,
zinthu zochepa kwambiri pa mbale yotero.

Kambuzi kali tsidya lina la msewu tsopano,
kwa Apolline wa zaka khumi ndi zisanu,
uja ankaima pawindo langa mphuno itadinda galasi.
Ndalama ndinakana.
Ndinangoti magalasi aja azivala,
tsitsi azimanga kumbuyo.

Madzulo, chitseko chikakhala chotsegula,
ndimamva njuchi ija m'botolo,
kenako phaa,
kenako zii.
Ndimazimitsa ng'ombe yanga.
Ndimaima, utuchi m'ndevu, kuwerenga chamumtima.
Dzulo ndinafika pa makumi awiri
kamota kasanalirenso.
Lero pa zisanu ndi zinayi.