720,720

Fili koloko usiku ku Hull,
mvula ikukanda zenera la chipinda cha kumapeto.
A Thackray sagona.
Dzina la mwana wawo linawapulumuka chaka chatha,
koma masamu adakali chilili m'mutu mwawo
ngati chitsa chokana moto.

Ndakhala pampando wa alendo, magolovesi m'thumba,
ndikutumiza ndalama kwathu.
Foni yatembenuza mapaundi anga kukhala makwacha:
720,720.

Anasuzumira.
Maso aja, ozima chiyambire Lolemba, anayaka.
"Mtsikana iwe, ukuchidziwa chimene wagwirachi?
Taigawa pawiri."
Inagawika.
Patatu, panayi, pasanu, inangovomera.
Mpaka pa 16, osagwetsa ndi nyenyeswa yomwe.
"Ili ndi makomo 240," anatero,
"ndipo palibe nambala yaing'ono kwa iyo
imene ili ndi makomo ochuluka chotere."

Chala chawo chonjenjemera chinalemba pabulangete:
2 kanayi, 3 kawiri,
kenako 5, 7, 11, 13.
"Awa ndiwo mafupa ake.
Nyama ungaidule mmene ungafunire,
awa mpeni suwalowa.
Ndipo ukasonkhanitsa onse oigawa, n'kuwaphatikiza,
mulu wawo umaiposa katatu, n'kupitirira.
M'kalasi mwanga tinkaitcha yosefukira."

Yosefukira!
Ndinaluma mlomo kuti ndisadzutse a chipinda chinacho.
Oigawa ndikuwadziwa ndi mayina omwe:
fizi ya Mwatitha,
feteleza wa amalume ku Mponela,
mankhwala a shuga a mayi,
malata asanu ndi limodzi amene mphepo inabwereka osabweza,
chipepeso cha maliro a munthu
amene nkhope yake sindiikumbuka.
Nawonso akaphatikizana amaiposa katatu.
Kwathu masamu amenewa sitilembera mayeso,
amangobwera pafoni: *mwatiiwala kodi?*

"Nanga 17?" ndinafunsa.

Anatseka maso. Milomo inkayenda yokha.
Paipi yotenthetsa m'chipinda inalira kawiri.
Ndinaganiza kuti tulo tawatenga.

"Yakana," anatero. "Patsala 5.
Woyamba kubwezedwa pakhomo ndi ameneyo."
Anamwetulira ngati wakumana ndi mnzake wakale pamsika.

Makwacha asanu.
Sagula ndi switi yomwe.
Koma ndinawapinda mumtima mwanga,
poti m'mwezi wonse uno
ndi okhawo amene sanalembedwe dzina la munthu.

"Ndiwe Rosalind?"
"Ayi, bambo. Ndine Nasibeko, wa usiku."
"Uli ndi mutu wa masamu, Rosalind."
Ndinawakonzera pilo, ndinawapukuta pachibwano.

Ndinadina potumizira.
Nambala ija inanyamuka yathunthu, yonenepa,
720 wobereka mnzake 720 kumsana,
kukafika kumene mipeni ikunoledwa kale.

Belu la chipinda chachinayi linalira.
Ndinavala magolovesi.
Kuti kuche panali patatsala maola anayi,
ndipo amenewa
ndinalibe wogawana naye.