Buku Lakhumi ndi Chiwiri

Dzina lili pachikutolo si langa.
Ndi la mayi Rozina Kamtedza,
amene tinawaika m'manda zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo
koma amatulutsabe buku chaka chilichonse mvula ikamayandikira.
Manja awo ndine.
Ndimachita lendi ku Matawale, chipinda chimodzi ndi balaza,
pazenera ndimaona phiri likamafunda nkhungu.

A Likagwa osindikiza anandilembera zofunika papepala la m'kope.
Nyumba ikhale yaikulu, ya nthawi ya atsamunda, chakumtunda kwa Mulunguzi,
malata adzimbiri, masitepe olira ukaponda.
Mtsikana afike ndi sutukesi imodzi, maliro a mayi ake asanazizire.
Pakhale chipinda chapamwamba chokhoma,
kiyi wake m'khosi mwa mayi wa panyumbapo, wokonda kupemphera mokweza.
Chithunzi pakhoma, maso ake azilondola munthu.
Kalata pansi pa bokosi,
njenjete zitadya pomwe panali dzina la bambo.
Pofika tsamba 200, amene ankati ndi mkulu wake
apezeke kuti ndiye anamubereka.
Kumapeto, moto.

Nyumba imeneyi ndaitentha kakhumi ndi kamodzi.
Ndimaimanganso ndi njerwa zomwezo, n'kungosintha makatani.
Mtsikana anali Tamanda, kenako Ndaziona, chaka chino ndi Ulunji.
Onse amatsika basi padepoti mvula ikuwaza,
onse amamva chifuwa usiku kuseri kwa denga
n'kuuzidwa kuti ndi makoswe.
Chaka china ndinasiya zitseko zonse zotsekula.
A Likagwa anaimba foni:
Achemwali, owerenga amalipira loko. Bwezerani loko.
Ndinabwezera.
Ndalama inalowa pafoni Lachisanu,
ndinagula makala ndi yunifolomu ya mwana.

Lamulungu kompyuta ndimaitseka.
Ndimagula nthochi ndi mabanzi mumsika
n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala cha odwala misala,
kumene azakhali anga a Enifa akhala akulowa n'kutuluka, n'kulowanso,
kuyambira ndili Sitandade 2.
Kwathu kunalibe nyumba yosanja.
Kunalibe chithunzi, kunalibe chuma chamasiye choti abale n'kudyetserana mankhwala.
Kunali zipinda zitatu ku Chinamwali
ndi akuluakulu odziwa kutuma mwana kukagula mchere
akayamba kufunsa.

Azakhali amasenda nthochi pang'onopang'ono,
amachotsa ndi tiulusi take tomwe,
monga ndimachitira ine.
Mano awo akutsogolo ali ndi mpata ngati anga.
Sanditchula dzina lili pachiphaso changa.
Amati, Sigele, wakula. Anakuyamwitsa ndani?
Namwino amaseka, amati musawamvere, amatero kwa aliyense.
Ndakhala pabenchi imeneyo Lamulungu zambirimbiri,
sindinawamvepo akutero kwa wina.

Bokosi la malemu bambo lili kunsi kwa bedi langa,
chaka chachinayi tsopano.
Kiyi ndili naye, ali m'kabotolo kakale ka mafuta odzola.
M'mabuku mtsikana amatsekula pamutu 14,
magetsi atazima, kandulo ili m'manja.
Kuno magetsi amazima tsiku ndi tsiku,
kandulo ndili nayo, machesi ali pawindo,
koma ine ndimangokolopa mozungulira bokosilo
n'kulikankhira mkati ndi phazi.

Kulembera wakufa n'kosavuta.
Sakana chilichonse, safunsa kuti izi wazitenga kuti.
Owerenga amalemba makalata othokoza mayi Kamtedza,
ena amati, ngati munakhalapo kwathu.

Madzulo ano Ulunji wafika pasitepe yomaliza,
dzanja lake lili pachitseko,
wachifuwa uja wangoti zii mkatimo, akumvetsera.
A Likagwa akufuna masamba makumi anayi pofika Lolemba.
Ndamusiya ali chiimire pomwepo.
Ndatuluka kukaanula zovala pachingwe
chiperoni chisanatsike m'phiri.