Choko cha Telala

Ndine telala wa pakhonde ku Mufakose,
makina anga ndi akale kuposa ukwati wanga.
Mabuku m'nyumba muno alimo atatu:
Baibulo lothothoka chikuto, kope la miyeso,
ndi kena kofotokoza kathiridwe ka mafuta m'makina,
komwe palibe anakatsegulapo.

Ndaziona anabwera kuchokera kusukulu atatupitsa masaya.
Akuti zilembo zimamubalalikira
ngati nyerere ukavundukula mwala.
Lamba ndinamuganizirako, ndisaname,
poti ifenso A tinamuphunzira ndi mkwapulo,
mpaka lero ndikamuona msana umanyerenyetsa.
Koma ndinatola choko changa cholembera m'chiuno mwa mabuluku
n'kugwada pasimenti.

O ndi batani losaboola, ndinatero.
S ndi ulusi wogwa pansi.
T ndi phini.
Anayang'ana nthawi yaitali, chala chili m'kamwa,
kenaka anati Z ndi msoko wa pasiketi ya mayi.
Zimenezo sindinamuuze ine.

Magetsi akathima, monga amachitira osatsanzika,
timayatsa kandulo n'kudula zilembo m'zigamba:
M wa yunifomu ya namwino,
K wa khaki ya mlonda,
A woyera wa diresi ya ukwati umene unatha usanachitike.
Limbikani, wa zaka ziwiri, anatafuna E.
Sabata yonse tinakhalira mawu opanda E,
nyumba, mbuzi, chala, uchi,
ndipo palibe anafa.

Kusukulu amati mvura. Muno timati mvula.
Anandifunsa kuti wolakwa ndani.
Ndinati onse amanyowa chimodzimodzi,
koma L ameneyu bambo anga anachoka naye ku Ntcheu wapansi,
alibe nsapato, alibe chiphaso.
Umusunge. Sadya zambiri.

Loweruka lina, tikukagula ulusi ku Mbare,
m'kombi anandifinya dzanja mpaka kuwawa,
akuphatikiza zikwangwani mokweza, chimodzichimodzi,
za Chishona, za Chingerezi, za ogulitsa mabokosi a maliro,
osamva n'komwe zimene akunenazo.
Kondakitala anaiwala kukuwa.
Mayi wina anamupatsa nthochi.

Tsono mverani zimene ndinadzipalira.
Lachitatu masana abwera a Mutasa kudzayesa jekete,
mwana ali pansi pa tebulo ndi kope langa la miyeso.
Ndingomva kamawu, pang'onopang'ono ngati woponda paminga:
Mu-ta-sa. Bu-lu-ku. Sa-na-li-pi-re.
Mi-ye-zi i-na-yi.
Singano inaima yokha.
Ndinafuna pansi patang'ambika.
A Mutasa Chichewa amachimva, anakulira pakati pathu.
Anatsokomola, anapisa m'thumba,
ndalama anapatsa mwanayo, osati ine.

Kope lija tsopano ndimaliika pamwamba pa kabati.
Koma masamba ake akumapeto ndang'ambamo,
ndawasoka pakati ndi ulusi wofiira,
ndipo usiku, msana ukuphwanya, ndimalembamo tinkhani:
ka batani lomwe linatsala m'kombi n'kuzungulira Harare yense osalipira,
ka lumo limene linakana kudula Lamulungu.
Si nkhani zabwino kwenikweni.
Amaziwerengera Limbikani, yemwe amagona pa tsamba lachiwiri,
iye n'kupitirizabe, kuwerengera mphaka, kuwerengera khoma.
Akaphonya mawu ndimaluma lilime.
Nthawi zambiri amabwerera yekha kukawatola,
ngati mmene ndimabwezera singano pomwe yadumpha.

Dzina lake tinamupatsa chaka cha mavuto,
ntchito itatha, lendi itatikwera pakhosi.
Dzulo, akuloza pepala lokulungira tomato, anakuwa yekha:
Ndaziona! Ndaziona zonse!
Mayi ake anatembenukira kukhoma kukapukuta m'maso.

M'mawa uno ndikuvundukula makina
ndapeza choko pathabwa, zilembo zopendama,
F atayang'ana kumbuyo:
ATATE MWAIWALA MAFUTA.
Ndathira mafutawo.
Nsalu ya kasitomala ndaidulira pansi,
kuopa kufufuta.