Katoni ya Lachiwiri

Lachiwiri m'mawa Yotamu amaodira
ndi belu la njinga, osati ndi pakamwa.
Pakaliyala pali makatoni awiri omangidwa ndi mphira,
achokera ku holoselo ya ku Dauni Shopu,
akununkhabe dizilo ndi fumbi la Kapata.

Ndimang'amba tepi ndi kiyi wa loko,
paketi iliyonse ndimaigwedeza pafupi ndi khutu.
Yathunthu siyankhula.
Yophwanyika imati tseketseke, ngati mchenga m'chitini,
ndipo ndimadziwa kumene inafera:
iyi ndi mapiri a Manenekera,
iyi ndi buleki ya pa mlatho wa Luangwa,
iyi dalaivala anaima pa Nyimba kugula nthochi,
wothandiza wake n'kukhalira katundu.
Msewu wa ku Lusaka sindinaupondepo,
koma ndimauwerenga m'ming'alu ya mabisiketi.

Akuti tirigu ngwa kumafamu kumene mvula imagwa kuchokera m'mipope,
shuga ngwa kum'mwera,
chipepala chonyezimirachi kwawo sindikudziwa.
Anakumana m'fakitale, anawakwatitsa awiriawiri,
kirimu pakati ngati nkhoswe,
nakwera lole usiku osatsanzika.

Wa fakitale analuma.
Wa lole analuma, wa mafuta naluma pomwepo.
Wa holoselo, amene amanditchula kuti mayi wake
pamene akundikana ngongole, analuma.
Yotamu amaluma pang'ono, ndipo sindimuwerengera:
chitunda cha ku Mchini chimadya mawondo.
Ine ndimanyowetsa chala
kutolera nyenyeswa.

Dzana mtengo wakweranso. Akuti ndi dola.
Dolayo nkhope yake sindiidziwa,
koma amalowa m'kantemba kanga osagogoda,
amakhala pashelefu yapamwamba, miyendo lendelende.
Mnzanga Zelipa wa tsidya la ngalande
ake amabwera ndi njira za mbuzi, kuzungulira Mwami,
amatsitsa ndi kakobiri kamodzi kokha,
kakobiri komweko n'kumene kamandilanda ana a giredi faivi.

Koma Tikambenji amabwerabe kwa ine.
Belu la bureki likalira ndimaona kaye chipumi,
kenaka dzanja pakauntala,
ndalama yofunda, yonyowa ndi thukuta.
Sikwana paketi.
Ndimatsegula paketi, ndimagulitsa mmodzimmodzi,
zimene wa fakitale sanalembe pa katoni.
Iye saluma msanga.
Amapotokola, n'kulekanitsa banja lija,
kirimu amanyambita maso ali tsinzi,
chibenthu china chimalowa m'thumba la yunifomu.
N'cha Lingililani, amatero, sanayambe sukulu.
Chikafika kunyumba chidzakhala ufa,
ndikudziwa, iyenso akudziwa.

Okutobala akafika malata amaphika chilichonse.
Kirimu amasungunuka, awiri aja amaterereka,
wina kuyang'ana ku Katete, wina ku Lundazi.
Usiku khoswe amadula msonkho wake pakona ya katoni,
risiti sapereka.
Ndipo pali manambala aang'ono kumsana kwa paketi,
tsiku la imfa lolembedweratu,
ndimaliyang'ana monga muyang'anira mitambo
chimanga chili pamphasa.

Madzulo nditseka zenera ndi bawuti,
ndithira ndalama pachitenje.
Iyi ya holoselo. Iyi ya Yotamu. Iyi ya khonsolo.
Yotsalayo imakwana m'chibakera cha mwana.

Zophwanyika sabweza, anandiuza kalekale,
choncho ndimapita nazo m'pulasitiki.
Ana anga amazithira m'tiyi wopanda mkaka,
amavundula ndi supuni, amamwa phalalo akuseka.
Wamng'ono tsiku lina anaona chithunzi pa katoni,
bisiketi wozungulira, wathunthu, wopanda banga,
anandifunsa kuti ameneyu amagulitsidwa kuti.

Sindinayankhe.
Ndinatenga buku la masamu lotha theka,
ndinanyowetsa pensulo ndi lilime,
ndinalemba: Lachiwiri, katoni imodzi.