Gitala ya M'chipinda cha Nambala Naini

Inali pansi pa bedi la a Hepworth,
m'nyumba yosungira okalamba ku Barnsley
momwe ndimagwira ntchito ya usiku.
Ndinaipeza ndikufunafuna silipasi yawo ya kumanzere.

Yofiira ngati tomato wakupsa,
mapewa opindika ngati nyanga za mbuzi,
mabatani asanu ndi awiri atandanda m'mbali,
ndipo pamimba, pomwe zinzake zili ndi thabwa chabe,
panali kasefa kachitsulo, kuseri kwake sipika.
Gitala yoyenda ndi pakamwa pakepake.

"Ya ku Japan," anatero mkuluyo, mano ali m'kapu.
"Ndinaitenga pa ngongole ndikukumbabe malasha.
Anzanga ankati ndagula chidole.
Koma Loweruka lina magetsi anathima
mu holo ya anthu a mumgodi,
a magitala odula anangoti kakasi,
ine ndinadina apa,
anthu n'kupitiriza kuvina mumdima."

Nkhaniyi anandiuza kakhumi ndi kanayi.
Dzina langa silinawakhale pakamwa ngakhale kamodzi.
Ndine Tiyesere. Iwo ankati Terry,
ine n'kumayankha.

Anatisiya mu Febuluwale.
Mwana wawo wamkazi anati itengeni,
kwathu kulibe malo, ndiponso imanunkha fodya.
Ndinakwera nayo basi ya sikisi koloko m'mawa
ili m'thumba lakuda la zinyalala, khosi lili kunja,
ngati tambala wopita naye kwa apongozi.

Pa tebulo la kukhitchini
ndinaitsegula kumsana ndi mpeni wopakira batala.
Batire linaphulika kalekale,
linasiya phulusa loyera pa mawaya oonda ngati ulusi.
Ndipo pathabwa, mkati, pomwe wogula sayang'ana,
panali zilembo zitatu za pensulo.
Dzanja la munthu.
Kaya ndi dzina lake, kaya ndi tsiku,
kaya ankangowerenga maola oti aweruke.
Foni ikanandiuza. Sindinaifunse.
Inenso ndimasaina mapepala usiku uliwonse
amene palibe adzawawerenge.

Chowotchera mtovu ndinabwereka kwa Radek wa chipinda chapamwamba.
Masabata atatu, zala ziwiri zamatuza.

Batani loyamba limanjenjemeretsa mawu
ngati munthu wa malungo akupempha bulangete.
Lachiwiri ndi mavu m'botolo.
Lachitatu silichita kanthu, lakhala chete ngati mboni yogulidwa.
Lachinayi, tsiku lina kukugwa mvula,
linatola mawu a mayi wa kampani ya matakisi
akutuma galimoto kuchipatala,
ndipo ndinamvetsera mpaka dalaivala atayankha.
Lomaliza limadzutsa kang'oma kobisika mkati,
ti-ti-ta, ti-ti-ta,
kosatopa, kosadziwa gule aliyense,
wa kwathu kapena wa okumba malasha.

Kuimba sindidziwa kwenikweni.
Zala zanga zimakumbukira njira zitatu zokha
zomwe zinaphunzira ku Mchesi
pa banjo ya chigubu cha oyilo
ndi waya wa mabuleki a njinga.
Gitalayi siifunsa.
Inawoloka nyanja isanandione,
inasekedwa, inagona pansi pa bedi zaka makumi angati,
ikudziwa kukhala kwa eni.

Lero mdima wagwa folo koloko.
Ndalama za mu mita zatha,
firiji yasiya kung'ung'udza, nyumba yonse yati zii.
Malipiro ndi Lachisanu.
Ndapapasa m'mbali mwa thupi lofiira lija
mpaka ndapeza pomwe a Hepworth ankaloza,
pomwe utoto unaperepeseka ndi chala chawo chachikulu.
Ndadina.

Kasipika katsokomola kaye, monga ankachitira mwini wake,
kenako kayamba.
Pamwamba, Radek akumenya pansi ndi chidendene.
Kaya akudandaula phokoso, kaya akuvina,
koma sakuphonya ng'oma.